Dzira siligwa paliponse: mmene tizilombo ta m'munda timasankhira poikira

Mbozi imene mwaipeza m'mawa ikukukuta mtima wa chimanga sinadzisankhire phesi limenelo. Poswa imakhala kanthu kosakwana mamilimita 2, kopanda mapiko, kamene dzuwa la Okutobala ku Ngabu lingakaumitse kasanalawe n'komwe tsamba. Chachikulu chimene kangathe ndi kulendewera pa kaulusi kuti mphepo ikakankhire pa phesi loyandikana. Amene adasankha munda, mzere ndi tsamba ndi make, gulugufe wa usiku amene adadutsa m'mundamo masiku angapo m'mbuyomo, eni munda ali mtulo. Ndalama zambiri za mankhwala kuno ku Chikwawa ndi Nsanje zimathera pa mwanayo, chonsecho nkhani idatha kale usiku umene make adatera.

Kusankhako kumayambira kutali. Pamutu pa gulugufe pali tinyanga tiwiri, ndipo ndi timeneti timene amanunkhizira. Mbewu iliyonse yamoyo imatulutsa fungo, ndipo zambiri mwa zinthu zimene zimapanga fungolo n'zofanana m'chimanga, m'thonje ndi m'nandolo. Chimasiyana ndi kasakanizidwe kake, monga mmene mchere, tomato ndi anyezi zimapezekera m'ndiwo za nyumba iliyonse koma fungo la pakhomo lililonse n'kukhala lakelake. Gulugufe akalimva amauluka molimbana ndi mphepo, akalitaya amayamba kupita uku ndi uku mopingasa mpaka atalipezanso. Poti amachokera kunja kwa munda, mizere ya m'mphepete kawirikawiri ndiyo imayamba kulandira mazira.

Tizilombo touluka masana timadalira kwambiri maso. Ntchentche zoyera ndi nsabwe za m'masamba zamapiko zimakopeka ndi mtundu wachikasu chobiriwirako, mtundu wa tsamba lanthete. N'chifukwa chake misampha yomata ya m'madimba a tomato imapakidwa chikasu. Mbewu yoima yokha pa nthaka yopalira bwino imaonekera patali zedi. Ofufuza awiri a ku England, Stan Finch ndi Rosemary Collier, atayang'anitsitsa ntchentche ya mizu ya kabichi, adafotokoza mu 2000 kuti kachilomboka kamatera pa chilichonse chobiriwira, kosayamba kadziwa ngati ndi mbewu yake. Kuti kaikire, kamayenera kutera pa tsamba loyenera kangapo motsatizana, kakudumphadumpha. Pa munda wa mbewu imodzi, kudumpha kulikonse kumakafikitsa pa tsamba loyenera. Pa munda wosakaniza, kamatera pa kabichi, kenaka pa tsamba lachilendo, chiwerengero n'kusokonekera, mapeto ake kamauluka kosaikira. Munda wa agogo wa mapira, khobwe, maungu ndi nandolo pamodzi umachita zofananazo: kachilombo kofuna mbewu imodzi kamatera polakwika pafupipafupi.

Gulugufe akatera amalawa ndi mapazi. Ku miyendo yake kuli tiubweya tomva kukoma ndi kuwawa, ndipo agulugufe ambiri amakanda kapena kugogoda tsamba ndi miyendo yakutsogolo kuti alawe zimene zili pa phula lopyapyala lokuta tsambalo. Ku nsonga ya mimba, kumene dzira limatulukira, kulinso tiubweya tina toyesa komaliza: kusalala, chinyontho, mpata wobisamo. Apa m'pamene pamaonekera kusiyana kwa tizilombo tosankha kwambiri ndi tomangodya chilichonse. Kuyabwa kwa mpiru, kumene kumathamangitsa tizilombo tambiri, ndi kumene kagulugufe ka mbozi ya kabichi ndi repu kamafunafuna. Kakapanda kukumva sikaikira. Gulugufe wa mbozi yofiira ya thonje, Diparopsis castanea, sadziwa pafupifupi mbewu ina iliyonse kupatula thonje ndi abale ake ochepa akutchire. Nzeru ya lamulo lozula ndi kutentha mapesi a thonje mukatha kukolola yagona pamenepo. Gulugufe wotuluka m'nthaka nthawi imene kulibe thonje amafa ndi mazira ake m'mimba. Munthu mmodzi wosiya zitsa kuti ziphukire amasungira mudzi wonse mbozi za chaka chamawa.

Ubweya wa tsamba la thonje

Nkhani ya ubweya ndi yofunika kuimvetsa chifukwa ili ndi mbali ziwiri. Majasidi, tizilombo tobiriwira toyenda chammbali tija timene timapinditsa masamba a thonje n'kuwafiiritsa m'mphepete, timaikira mazira mkati mwa misempha ya tsamba, kunsi kwake. Tsamba likakhala ndi ubweya wautali ndi wothithikana, kachilomboka kamalephera kufika pa msempha kuti kaboole. Ndi chifukwa chake obereketsa mbewu za thonje kuno kumwera kwa Africa, kuphatikizapo a ku malo ofufuzira za ulimi a Makoka ku Zomba, akhala akusankha mitundu yaubweya kwa zaka zambiri. Koma ubweya womwewo ndi umene gulugufe wa Helicoverpa armigera amaukonda, poti amagwirira bwino ndipo dzira limakanirira. Ntchentche zoyera nazonso zimachuluka pa masamba aubweya. Palibe tsamba lotseka makomo onse. M'chigwa chotentha ngati chino, kumene majasidi angathe kupserezeratu thonje losalala lisanamasule, ubweya ndi wopindulitsabe, ndipo mbozi mumalimbana nazo mwa njira ina.

Helicoverpa imeneyi ndi mbozi imene alangizi akale ankaitcha ya ku America, ngakhale kwawo ndi konkuno. Gulugufe wake saunjika mazira. Amaikira limodzilimodzi, akuyenda usiku wonse, ndipo pa moyo wake angapitirire mazira 1,000. Chimene amatsata ndi maluwa: ngayaye ndi ndevu za chimanga, ngala za mapira, timaluwa ta thonje tosamasula, maluwa a tomato, ndipo koposa zonse nandolo. Motero amasamuka ndi nyengo. Chimanga choyandikana chikauma ndevu, agulugufe obadwira mmenemo amatsikira pa thonje limene langoyamba kumasula, ndipo thonje likatha amakapezeka pa nandolo. Mlimi wa thonje amene amayang'ana munda wake wokha amadzidzimuka ndi mazira obwera ngati mvula. Amene amayang'ananso chimanga cha mnansi amadziwiratu sabata yake.

Thonje la Bt, losinthidwa mwasayansi kuti lizipha mbozi zolidya, limene lidayamba kulimidwa m'dziko muno cha mu 2019, silisintha maganizo a gulugufe. Iye salizindikira, amaikirapo monga pa thonje lina lililonse, ndipo chimafa ndi kambozi kakangoluma. Kupeza mazira pa thonje lotere sikutanthauza kuti mbewu yalephera. Komanso majasidi ndi nsabwe, poti zimayamwa madzi a mbewu, Bt sazikhudza.

Pamene make amalakwitsa

Anthu angaganize kuti gulugufe nthawi zonse amasankha mbewu imene ana ake akulire bwino. Nthawi zambiri zimatero, makamaka kwa tizilombo todya mbewu za mtundu umodzi. Koma amalakwitsa, ndipo kulakwitsako n'kumene mlimi angadyerepo.

Kapuchi (mbozi yoboola mapesi) wa kuno kuchigwa kwenikweni ndi Chilo partellus, wochokera ku Asia, amene mu Africa muno adayamba kulembedwa m'Malawi cha m'ma 1930. Amakonda malo otsika ndi otentha. Kapuchi wa kumapiri, Busseola fusca, amalowetsa mazira pakati pa phesi ndi khwawa la tsamba lolikuta, kumene simungawaone osasenda. Wa kuchigwayu amawaika poyera pa tsamba, kawirikawiri pafupi ndi msana wake, mazira aphwatalala osanjikizana ngati mamba a nsomba, makumi angapo pa gulu limodzi. Dzuwa likangolowa, udzu wa nsenjere umatulutsa fungo la tsamba lobiriwira lochuluka kwambiri kuposa chimanga, ndipo iyi ndi nthawi yomwe agulugufe a kapuchi amanyamuka kukafuna poikira. Amathamangira ku nsenjere. Koma kambozi kakaboola phesi la nsenjere, udzuwo umatulutsa utomoni womata umene umakakola, ndipo tambiri timafa tisanakule. Vetiva, amene timamudziwa ngati woteteza nthaka pa akalozera, amachitanso chimodzimodzi kwa Chilo: ku South Africa adapeza kuti gulugufe amaikira kwambiri pa vetiva kuposa pa chimanga, koma timbozi topulumukapo n'tochepa zedi.

Pa kulakwitsa kumeneku m'pamene akatswiri a icipe, bungwe lofufuza za tizilombo la ku Kenya, motsogozedwa ndi Zeyaur Khan mogwirizana ndi anzawo a ku Rothamsted ku England, adamanga njira ya kankha-koka m'zaka za m'ma 1990. Kuzungulira munda mumadzala mizere 3 ya nsenjere, masentimita 75 pakati pa mizere ndi 50 pakati pa mapando, kusiya mpata wa mita imodzi musanafike pa mbewu za mkati. Pakati pa mizere ya chimanga kapena mapira mumadzala desmodium, chomera cha gulu la nyemba chimene chimayala pansi. Chigawo chimodzi chisapitirire mamita 50 mbali zonse, apo ayi pakati pa munda pamatalikira kwambiri ndi msampha. Kumalo ouma amagwiritsa ntchito desmodium wa masamba obiriwira okhaokha pamodzi ndi udzu wa Brachiaria m'malo mwa nsenjere, ndipo kafukufuku wa ku Kenya, Uganda ndi Tanzania wofalitsidwa mu 2018 adapeza kuti m'minda yotere ntchemberezandonda zachilendo zidachepa ndi zoposa 80 pa 100 zilizonse. Poyamba zonse zinkafotokozedwa ndi fungo lothamangitsa la desmodium. Pambuyo pake kudaonekanso kuti tiubweya take tangowe timakola ndi kupha timbozi toyendayenda. Desmodium amafoolanso kaufiti, chimene kwa alimi a mapira ndi phindu losachepa.

Zimene zimaivuta njirayi kuno n'zodziwika. Desmodium amachedwa kukhazikika ndipo chaka choyamba amafuna chinyontho ndi kupalira ndi manja. Mbewu yake njosowa. Choposa zonse ndi ziweto: chigwa chino ndi cha ng'ombe ndi mbuzi, zokolola zikachoka ziweto zimamasulidwa, ndipo nsenjere ndi desmodium zonse ndi chakudya chokoma kwa izo. Popanda mpanda kapena pangano la mudzi, pofika Novembala mumapeza zitsa zokha. Nsenjere iyeneranso kukhala itakula chimanga chisanamere, ndipo podula ya ziweto muzidula mzere umodzi nthawi imodzi. Mukaimweta yonse tsiku limodzi, gulugufe sapeza kwina koikira koma pa chimanga.

Mbozi yosasankha

Ntchemberezandonda zachilendo, Spodoptera frugiperda, zidachokera ku America n'kuyamba kuoneka kumadzulo kwa Africa kumayambiriro kwa 2016. Pofika Disembala 2017 zinali zitafala m'Malawi mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mwa 28. Gulugufe wake amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi mphepo ikamuthandiza, ndipo sasamala kwambiri za kukoma kwa tsamba ngati anzake. Amakonda chimanga chanthete chimene mtima wake udakali wopindana, koma agulugufe akachuluka, kapena mazira akamulemera, amaikira ngakhale pa mtengo, pa khoma kapena pa udzu wa m'mbali. Lamulo limeneli ndi la tizilombo tambiri: wamkazi amene wangokwatiwa kumene amasankha mosamala, koma masiku akamapita asanapeze malo abwino amayamba kuvomera zimene akadakana.

Amaikira magulu a mazira 100 mpaka 200, nthawi zina osanjikiza, n'kuwakuta ndi ubweya wotuwa wochokera ku mimba yake, moti gululo limaoneka ngati kachigamba ka nkhungu. Onse pamodzi angafike 1,000 kapena kupitirira. Kukatentha mazira amaswa m'masiku 2 kapena 3, ndipo kuchokera pa dzira mpaka gulugufe wina pamatenga pafupifupi mwezi umodzi. Kuunjikako kuli ndi nzeru yake: timbozi timabalalika ndi ulusi kupita ku mapesi ozungulira, ndipo tikakula timadyana tokhatokha, n'chifukwa chake mumtima umodzi mumapezamo mbozi yaikulu imodzi kapena ziwiri basi. Gulu limodzi la mazira limene mwaliphwanya ndi chala ndiye kuti mwapulumutsa mapesi ambiri.

Mbozi imeneyi ilibe nyengo yogona m'nthaka kudikira mvula. Imafuna chobiriwira chaka chonse, ndipo chigwa chino chimaipatsa. Chimanga cha mvula chikauma, cha m'madimba a m'mbali mwa Shire ndi Elephant Marsh chimakhala chikumera pamene madzi aphwera; icho chikakula, cha m'masikimu amthirira chimakhala chanthete. Ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira cholinga chake n'kuwonjezera malo obiriwira m'chilimwe, chimene ndi chabwino pa njala koma n'chabwinonso kwa gulugufe. Vuto lenileni ndi kudzala mosiyanitsa masabata m'dera limodzi. Wodzala pomaliza amakhala ndi munda wokhawo wanthete pakati pa minda yokhwima, ndipo agulugufe onse obadwira kwa anansi amathera kwa iye.

Mapira amaonetsa bwino kwambiri za nthawi. Kantchentche ka mphukira za mapira kamaikira dzira limodzi loyera, lotalika ngati kambewu ka mpunga kakang'ono, kunsi kwa tsamba la mmera wa sabata imodzi mpaka masabata 4. Mphutsi imatsikira pa mtima n'kuudula, tsamba lapakati n'kuuma, ndipo mukalisolola limanunkha. Mmera ukapitirira msinkhu umenewo kantchentcheko sikaufunanso. Palinso kaudzudzu kofiirira ka ngala, kamene kamakhala ndi moyo pafupifupi tsiku limodzi lokha, ndipo kamaikira m'mawa mkati mwa timaluwa ta mapira pa nthawi yokhayo imene tikumasula. Ngala yake imaoneka yabwinobwino koma ili mphwepwa, ndipo ambiri amanamizira dzuwa kapena mbalame. Finyani kamaluwa kopanda njere pakati pa zikhadabo: pakatuluka timadzi tofiira, muli mphutsi. Mudzi ukadzala pamodzi ndi mvula yoyamba yokwanira, mapira onse amamasula nthawi imodzi kaudzudzuko kasanachulukane.

Nankafumbwe wa mbatata nkhani yake ndi ya ming'alu. Wamkazi satha kukumba. Amafika pa mbatata podzera m'ming'alu ya nthaka kapena pamene mbatata yatulukira kunja, amaboola kadzenje, kuikamo dzira limodzi n'kutseka ndi ndowe zake. Dothi la makande la kuno likauma limang'ambika mpaka kulowa dzanja, ndipo mbatata ikamakula imang'ambanso mzere yokha. Kukwezera dothi pa mizere mbatata ikayamba kuika, kuthirira pang'ono kuti nthaka isang'ambike, ndi kukumba msanga ikakhwima, zimachita zambiri kuposa mankhwala opopera pa masamba, amene safika n'komwe kumene kuli mphutsi. Wa khobwe naye amayambira m'munda pa makoko ouma n'kudzapitiriza m'thumba. Amamata dzira pa khungu la njere, amakonda njere zosalala kuposa zokhakhala, ndipo amasiya kafungo pa njere imene waikirapo kuti iye kapena mnzake akapeze ina yopanda mwini. Ndi chifukwa chake thumba lonse limafumbwa mofanana m'malo mwa ngodya imodzi.

Kuwerenga mazira

Mbewu nayo sikhala chete. Mitundu ina ya chimanga chamakolo, ikangomva mazira a kapuchi pa tsamba, imasintha fungo lake n'kuitana timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira athu mkati mwa mazira a gulugufe. Timavu ta Trichogramma sitikwana milimita imodzi. Ubweya wokuta mazira a ntchemberezandonda umatilepheretsa pang'ono, koma kamavu kena, Telenomus remus, kamene kamapezeka kale mu Africa, kamalowa pansi pa ubweyawo. Nyerere nazo zimatuta mazira usiku. Kupopera mankhwala opha chilichonse chimanga chikadali m'mawondo, musanaone n'komwe dzira, kumapha antchito amenewa poyamba, ndipo gulugufe wobwera mawa kuchokera kutali amapeza munda wopanda mlonda.

Pa chimanga, yambani kuyendera munda mmera ukangotuluka, kawiri pa sabata, m'mawa. Yendani mokhotakhota ngati chilembo cha W, osati m'mphepete mokha, muime malo 5, ndipo pa malo alionse muyang'ane mapesi 10 otsatizana: kunsi ndi pamwamba pa masamba, kenaka mumtima. Mazira phwanyani pomwepo. Timawindo toyera pa tsamba tikutanthauza kuti aswa kale koma timbozi tidakali tating'ono, ndipo iyi ndiyo nthawi yokhayo imene mankhwala amagwira bwino. Mukaona ndowe zonga utuchi zitadzaza mumtima, mbozi yakula ndipo yadzitsekera. Malangizo ofala kwa alimi ang'onoang'ono ndi oti muchitepo kanthu mapesi 20 pa 100 akagwidwa chimanga chili chaching'ono, kapena 40 pa 100 chikayandikira kumasula.

Pa thonje njira yake ndi yakale, ya kathabwa ka zibowo ndi tizikhomo kamene alangizi ankagawa: mapesi 24 osankhidwa modutsa munda chopingasa, kamodzi pa sabata, phesi lililonse kuliyang'ana kuyambira pansi mpaka ku nsonga. Dzira la Helicoverpa ndi lozungulira, pafupifupi theka la milimita, loyera mwachikasu, ndipo limapezeka kwambiri kumtunda kwa phesi, pa masamba anthete ndi pa timaluwa; likatsala pang'ono kuswa limada mofiirira. La mbozi yofiira limayamba lili lobiriwira ngati mtambo, kenaka n'kutuwa. Muyeso umene udakhazikitsidwa kuno ndi ku Zimbabwe ndi mazira 12 a Helicoverpa kapena 6 a mbozi yofiira pa mapesi 24. Wa mbozi yofiira ndi wotsika chifukwa iyo ikangoswa imaboola n'kulowa m'kamaluwa kapena m'chipatso, ndipo ikalowa mankhwala saipezanso.

Dzira lakuda bii limafuna kuliyang'ana kawiri. Limene latsala maola ochepa kuswa limada chifukwa mutu wa kambozi ukuonekera mkati, ndipo mawa lake mupeza chikhungwa choyera chopanda kanthu kapena chitadyedwa. Limene lalowedwa ndi kamavu limada lonse ngati khala n'kukhala choncho masiku angapo, kenaka pamaoneka kabowo kozungulira bwino pamene kamavu katulukira. Mukakayika, dulani kachidutswa ka tsambalo, kaikeni m'botolo loyera lotseka ndi kansalu kothina, muliike pa mthunzi. Pakatuluka timbozi, tiphereni m'botolo momwemo. Pakatuluka tinthu takuda touluka ngati fumbi, pitani nalo botolo pakati pa munda mukalitsekule.